Nkholokolo ndi Thanki ya Bwana Nyani

Padangotero, ndipo inu muli apo vomerani kuti tili limodzi.

Chaka china mvula inachedwa, mtsinje unaphwa, kunangotsala thamanda limodzi. Nsomba zonse zinaunjikana m'menemo, zofatsa ndi zolusa zomwe, ndipo tsiku lililonse madzi ankatsika ndi chala chimodzi.

M'thamandamo munali Nkholokolo, mayi wamasiye amene mwamuna wake anapita ndi mbedza. Sanali wokongola ayi. Khungu lake linali lamawangamawanga ngati matope, kukamwa kuli ndevu, m'mbali muli minga. Koma poti ankakhala pansi penipeni, pamene pamagwera zotsala za aliyense, ankadziwa chimene nsomba iliyonse imadya ikakhala kuti palibe akuiona. Iye anali atangoikira mazira khumi ndi awiri pansi pa phale, ndipo akayang'ana mmene madzi ankatsikira, ankaona kuti ana akewo adzauma asanaphunzire kusambira.

Masiku omwewo Bwana Nyani, amene anali ndi malo odyera kumtunda, anabwera kuchokera kutauni ndi thanki yagalasi yaikulu ngati nkhokwe yogoneka. Ankafuna kuti alendo ake azidya akuonera nsomba. Anatuma kapitawo wake, Tsekwe, kuti akatole nsomba kudziwe lina, ndipo Tsekwe anangowola chilichonse chonyezimira n'kukhuthulira muthanki. Patapita masiku atatu munatsala nsomba imodzi yokha, mimba ili tuu, nayonso inafa ndi kukhuta.

"Tsekwe," anatero Bwana Nyani, "Loweruka la sabata yamawa ndaitana akuluakulu onse. Nsomba zikadyananso, nthenga zakozo ndizithothola ndizipange chokupizira alendo."

Tsekwe anatsikira kuthamanda ndi ndowa ndi beseni, khosi ali nalo njo, n'kulengeza kuti akufuna nsomba zokongola ndiponso zamakhalidwe, zokakhala m'madzi osaphwa, chakudya kawiri pa tsiku. Nsomba zinachita kupondana. Nkholokolo anapanikiza mpaka anafika patsogolo.

"Inu mayi, mwasochera?" anafunsa Tsekwe. "Tikufuna zoti alendo aziona n'kumakondwa, osati kutaya chilakolako cha chakudya. Pitani kumbuyo."

Nkholokolo anabwerera n'kukhala pambali kumaonerera. Tsekwe anasankha matemba makumi atatu kuti azithamanga pamwamba, banja la a Chambo kuti lizikhala pakati, Nduna Mbuna ndi mng'ono wake chifukwa cha malaya awo abuluu, Sajeni Ncheni chifukwa chowala ngati mpeni watsopano, ndi a Mlamba, mkulu wa mpingo, kuti azisesa pansi komanso kutsogolera mapemphero.

Apo Nkholokolo anayamba kuimba. Iye poimba sankatsegula pakamwa. Ankangokhukhuza minga ya m'mbali mwake, n'kumalira ngati chitseko chadzimbiri. Nyimbo yake inkafunsa kuti ndani adzagona pafupi ndi ndani, ndipo ndani adzadzuke ali m'mimba mwa mnzake. Matemba atamva anayamba kuvomera, mawu akunjenjemera.

"Nyimbo yanji imeneyo?" anatero Tsekwe.

"Yotsanzikana ndi nthenga zanu, a Kapitawo."

Tsekwe anadzigwira pamsana. "Mukutanthauza chiyani?"

"Inu madzi mumawadziwa pamwamba pokha. Ine ndimawadziwa pansi. Ndiloleni ndifunse anzangawa timafunso tiwiri titatu, inu muzingoyang'ana."

Tsekwe anaganizira za chokupizira chija, n'kuvomera.

Nkholokolo anayamba ndi Sajeni Ncheni. "A Sajeni, masiku ano mukudya chiyani?"

"Ine ndinapuma usilikali, mayi. Ndimadya ndere zokha. Adokotala anandiletsa za mnofu."

"Zikuoneka, khungu lanulo lasalala. Ndamva kuti Bwana Nyani akufuna wotsogolera kwaya muthankimo, ndipo ameneyo azilandira chakudya katatu. Koma akufuna wa pakamwa papakulu. Ndimati ndiwauze a Kapitawo kuti asankhe a Chambo."

"A Chambo?" Ncheni anakuwa. "Kakamwa kangati ka botolo kaja? Taonani apa!"

Anayasamula mpaka nsagwada zinalira. Tsekwe anaviika mutu n'kusuzumira. Mano anali ndandanda ngati misomali, ndipo pakati pa mano awiri akumbuyo panali kamchira kakugwedera.

"Uwo ndi mchira wa amalume!" linalira temba lina. "Timati apita kukaona odwala!"

Ncheni anatseka pakamwa msangamsanga, koma zinali zitaoneka kale.

"Ndimadziwa kale ine," anatero Tsekwe, akudzikonza nthenga. "Ndimangofuna ndimugwire bwino. Mverani lamulo langa: amene mnzake angakwane m'kamwa mwake, atsale."

"Nzeru zakuya, a Kapitawo," anatero Nkholokolo.

M'mawa mwake Tsekwe anabwera kuti ayambe kutuntha nsomba, koma anapeza Nkholokolo akukhukhuza minga yake, nyimbo ili yomwe ija ya ogona moyandikana ndi odzuka m'mimba mwa anzawo, matemba akuthira mang'ombe.

"Nanga lero ndiye chiyani? Wolusa uja tinamuchotsa."

"Sikuti onse amapha ndi mano ataliatali. Tawafunsani a Nduna Mbuna ngati amakonda anzawo."

Nduna Mbuna anatuluka kuseri kwa mwala wake, malaya abuluu akuwala. "Ine? Ine ndine wamtendere. Chibadwire sindinakwezepo mawu. Funsani akazi anga atatuwa."

Akazi atatuwo anayang'ana kumbali.

"A Kapitawo," ananong'ona Nkholokolo, "tandibwerekani kagalasi kanu kaja mumadziyang'anira mukamayenda."

Tsekwe anachita manyazi kuti zadziwika, koma anakatulutsa kunsi kwa phiko. Nkholokolo anakakankha ndi mphuno mpaka kanatsamira pa mwala wa Mbuna, n'kufuula kuti, "A Nduna, kwabwera mlendo, akuti mwala uwu ndi wake!"

Mbuna anatembenuka n'kuona mwamuna wina wovala malaya abuluu ngati ake, akumuyang'ana m'maso mopanda ulemu.

"Iwe ndiwe yani? Choka pakhomo panga!"

Mlendoyo anatsegula pakamwa nthawi yomweyo, osasuntha.

"Ukundiyeseza?"

Anamugunda. Anabwerera n'kumugundanso. Anamugunda kakhumi, kamakumi awiri, mpaka milomo inatupa, ndipo mng'ono wake atabwera kudzaleretsa, Mbuna anaona buluu winanso n'kumuthamangitsa kuzungulira thamanda lonse.

Tsekwe anakhala pansi pafumbi. "Ndatha ine. Bwana anachita kunena kuti buluu asasowe. Ndikamutenga uyu apha anzake, ndikamusiya ndithotholedwa."

"Musalire, a Kapitawo. A Nduna sadana ndi aliyense, amangodana ndi wofanana nawo. Tengani iwo okha ndi akazi awo atatu, kuti akakwiya azisowa woyambira. Muwaunjikire miyala kungodya imodzi, ikhale yawoyawo. Mng'ono wawoyo mukamuike m'chitsime cha kuseri kwa khitchini, akakhale nduna payekha."

"Ndi zomwe ndimati ndinene," anatero Tsekwe.

"Ndinaona pakamwa panu pakuyamba kugwedera."

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, a Mlamba anabwera pamene Nkholokolo ankakupiza mazira ake. Anabwera pang'onopang'ono, ndevu zili pansi ngati akupemphera.

"Mlongo," anatero, "ndaona ntchito imene mukugwira. Mawa ndi ine, eti?"

"Ine ndimangothandiza a Kapitawo, akulu ampingo."

"Thandizani ndithu. Koma malo a pansi pathanki ndi amodzi, ndipo ndi anga. Ine siine Ncheni woyasamula paliponse, siine Mbuna womenyana ndi galasi. Komanso," apa anatsitsa mawu n'kugunda phale ndi ndevu imodzi, "ndikudziwa chimene chili pansi apa. Khumi ndi awiri. Mukandichititsa manyazi mawa, ndidzamasulira pomwepa kusala kudya kwanga."

Anachoka akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Nkholokolo anatsala minga ili chiimire. Akangokhala chete, a Mlamba apita kuthanki, iye ndi ana ake auma ndi thamanda. Akawayalutsa, mazira adyedwa. Ndipo ngakhale atapambana, ankadziwa kuti Tsekwe sangalole ana khumi ndi awiri andevu kulowa m'thanki ya Bwana.

Ali mkati moganiza anamva phokoso chapafupi. Anali Bambo Chambo, akukumba kabwalo mumchenga, akudzitama kwa aliyense wodutsa kuti akazi awo aikira mawa m'mawa, ndipo ana awo adzakhala oyamba kubadwira mugalasi. Nkholokolo anakumbukira mwambo wa a Chambo: mayi akaikira mazira amawatola onse n'kuwasunga m'kamwa mpaka ataswa, osadya, osalankhula. Anakumbukiranso kuti Mayi Chambo maso awo sankaona bwino chapafupi, ngakhale sankafuna kuti zidziwike. Minga ya Nkholokolo inagona yokha.

Kutacha Tsekwe anapeza nyimbo ija yayamba kale, ndipo ulendo uno ngakhale akazi a Mbuna ankavomera nawo, milomo ya mwamuna wawo ikadali yotupa.

"Musandiuze kuti a Mlambanso," anatero Tsekwe. "Munthu wa Mulungu ameneyu."

"Ine sindinanene kanthu. Iwowa ndi oyera mtima, ndipo ndikufuna aliyense aone. Thirani mchenga woyera m'beseni lanulo, mudzalemo timaudzu tiwiri titatu ngati mmene muliri muthanki, mudzaze madzi oyera. Akhalemo inu mukukadya. Mukabwera mudzapeza madzi ali mbee, ndipo onse okayika adzachita manyazi."

A Mlamba anamuyang'anitsitsa kufuna kuona pamene pali msampha, koma sanapaone. "Zachibwana," anatero. "Ine ndili pa kusala kudya. Ndikhoza kukhala chete mpaka Lamulungu."

"Ndiloleni ndikusalazireni mchenga, akulu ampingo, mungakandike pamimba," anatero Nkholokolo.

Analumphira m'beseni, n'kusalaza apa, kusalaza apo. Pamene ankasalazapo anakwirira pansi pa timaudzu nyongolotsi yonenepa imene anaibisa m'kamwa chiyambire m'mawa. Kenaka anabwerera m'thamanda. Tsekwe ananyamula a Mlamba n'kuwaika m'beseni, iye n'kupita kukadya msipu.

Nkholokolo sanadikire kuti aone. Anathamangira ku kabwalo ka a Chambo, kumene Mayi Chambo anali atangomaliza kuikira ndipo anali pakalikiliki kutola mazira.

"Mayi, mwatopa. Ine ndinali mzamba kwathu, ndikuthandizeni. Bambo, inu pitani uko, izi n'za amayi."

Bambo Chambo anachoka mokondwa. Nkholokolo anayamba kukankhira mazira kukamwa kwa Mayi Chambo. Ankati akakankha atatu a Chambo, n'kuthamangira kuphale, kubwera ndi limodzi lake.

"Ili linagubuduzikira uko, mayi. Tolani."

Mayi Chambo anatola.

"Ilinso linabisala kuseri kwa mwala. Ana a masiku ano amayamba kuthawa asanabadwe."

Mayi Chambo analiyang'ana dziralo motsinzinira. Linkaoneka lachikasu kuposa enawo. Anafuna kufunsa, koma m'kamwa munali mutadzaza kale, ndipo kunangotuluka kuti, "Mmm?"

"Eya, lokongola kwambiri, latengera inu. Tolani msanga, kukubwera Sajeni Ncheni."

Atamva dzina la Ncheni, Mayi Chambo anatola otsala onse osayang'ananso. Khumi ndi awiri aja analowa onse.

Uku m'beseni zinthu zinali zitavuta. A Mlamba anayamba bwino, maso ali chitsinzinire. Koma ndevu za mlamba sizigona. Ndevu imodzi inanunkhiza nyongolotsi n'kuuza inzake. A Mlamba anayamba kutchula mabuku a m'Baibulo motsatana kuti aiwale. Nyongolotsi inagwedezeka pansi pa mimba yawo. Anati angokanda pang'ono kuti aone ngati ndi chiyeso chenicheni. Nyongolotsi inalowa pansi. Anakandanso. Kenaka anaiwala kusala, anaiwala mpingo, analowetsa mutu wonse mumchenga mchira uli m'mwamba, kukumba uku ndi uku.

Tsekwe pobwera anapeza madzi ali bii ngati thobwa, timaudzu tikuyandama mizu ili kumwamba, a Mlamba ali pakati, theka la nyongolotsi likulendewera pakamwa.

"Akulu ampingo! Kusala kuja n'kumeneku?"

"Ndimaipempherera," anatero a Mlamba, mawu akutuluka movutikira.

"Alendo a Bwana adzaona chiyani m'madzi otere? Tulukani!"

Tsekwe anapendeketsa beseni. A Mlamba atangogwera m'thamanda analunjika kuphale, n'kuligubuduza ndi mutu. Pansi pake panalibe kanthu. Anafufuza uku, anafufuza uko, kenaka anatembenukira Nkholokolo.

"Ali kuti?"

"Ndani, akulu ampingo? Ine ndine mayi wamasiye, ndili ndekhandekha."

A Mlamba anapsa mtima mpaka anadzikwirira m'matope, ndipo akuti anakhala momwemo mpaka mvula inagwa.

Tsekwe anakanda mutu. "Tsopano pansi pathanki asesa ndani?"

Nkholokolo anali kalikiliki kutola tinyenyeswa pamchenga, modekha, osavundula madzi ngakhale pang'ono.

"Inu mayi," anatero Tsekwe. "Pakamwa panu ndi papang'ono, simumenyana ndi galasi, simukumba. Ndaganiza ndekha kuti ndikutengeni. Koma inu nokha. Bwana akuti ndevu zisachuluke. Ndipo alendo akabwera muzibisala."

"Mwandichitira chifundo, a Kapitawo. Munditengereko phale langali, ndizibisalamo."

Choncho anasamuka. Matemba anatenga pamwamba, a Chambo pakati, Nduna Mbuna ndi akazi ake kumiyala, Nkholokolo pansi. Sabata yonse inatha popanda wosowa mchira. Nkholokolo tsiku lililonse ankapita kukazonda Mayi Chambo, kuwakupiza ndi zipsepse, kuwathamangitsira matemba aphokoso. Tsiku lachisanu Mayi Chambo anayamba kukwinya nkhope n'kumaloza tsaya lawo.

"Mmm! Mmm!"

"Mukuti mukumva kubaya? Ndi mmene amachitira ana athanzi, mayi. Limbani mtima."

Loweruka linafika. Kunabwera Mayi Mvuu, mkazi wolemera wa kudambo, kunabwera Jaji Njati, kunabwera ena ambiri ovala bwino. Bwana Nyani ankayenda uku ndi uku kutsogolo kwa thanki, akuloza ndi ndodo ngati nsombazo anazilenga yekha. Tsekwe anaima pambali, nthenga zonse zili m'malo mwake.

"Tsopano muone chimene simunaonepo," anatero Bwana Nyani. "Mayi Chambo atulutsa ana awo pamaso panu."

Bambo Chambo anatukula chifuwa. Mayi Chambo anafika pafupi ndi galasi n'kutsegula pakamwa. Kunatuluka tiana tasiliva, ting'onoting'ono, tambirimbiri, alendo n'kuwomba m'manja. Mayi Chambo anatsokomola. Kunatuluka kamwana kamawanga, kandevu. Anatsokomolanso, kunatuluka kena. Kenanso. Mpaka khumi ndi tiwiri, tonse tandevu, tonse taminga, tikuzungulira mutu wa Mayi Chambo n'kumati amayi, amayi.

Alendo anasiya kuwomba m'manja.

Bambo Chambo anayang'ana tianato, anayang'ana akazi awo. "Mayi a ana, ndevuzi zachokera kuti?"

"Mukundifunsa ine?" anatero Mayi Chambo, amene anali atasunga mawu sabata yonse. "Ine kwathu kulibe wandevu! Fufuzani kwanu! Agogo anu aja munkati anachokera kutali, ankaoneka bwanji?"

Jaji Njati anayamba kuseka mpaka anagwetsa kapu. Nkhope ya Bwana Nyani inachita mdima. Anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana Tsekwe, ndipo Tsekwe anamva nthenga iliyonse ikumutsanzika. Pansi pa phale, Nkholokolo ankadziwa kuti Bwana akangoti tianato tichotsedwe, ntchito yonse ija yapita pachabe.

Koma Mayi Mvuu anali atakanikiza mphuno pagalasi. "Mayo ine! Chambo chandevu! Taonani kakang'ono ako kakugwedeza tindevu take! Ndayenda madambo onse, sindinaonepo zotere. Bwana Nyani, mwazitenga kuti?"

Bwana Nyani anatukula ndodo yake n'kuloza tianato. "Izi? Izi ndinachita kuitanitsa. Kutali kwambiri. Ndi mtundu wosowa. Si choncho, Tsekwe?"

"Ndinasankha ndekha, Bwana," anatero Tsekwe.

Apo Nkholokolo anatuluka m'phale mwake mwaulemu, ndevu zili pansi, n'kupita kwa Mayi Chambo.

"Mayi, musakangane ndi bambo pamaso pa alendo. Ana ndi ana. Koma ndikuona kuti akuchulukirani, ndipo aminga awa azikubayani m'kamwa mukamawabisa. Ine ndili ndekha, phale langa ndi lalikulu. Bwanji ndikulerereni khumi ndi awiriwa? Sindifuna kanthu."

Mayi Chambo misozi inalengeza. "Achemwali, mungachitedi zimenezo? Ana a eni, osaoneka bwino chonchi?"

"Ndiyesetsa kuwakonda," anatero Nkholokolo.

"Bambo, mwamva? Thokozani! Anthu a mtima wotere anatha!"

Bambo Chambo anathokoza, Bwana Nyani analamula kuti mayi wachifundoyu azipatsidwa chakudya choonjezera, ndipo Nkholokolo anakusa ana ake khumi ndi awiri n'kulowa nawo m'phale, alendo akumuwombera m'manja.

Kuyambira tsiku limenelo Bambo Chambo sanakhalenso ndi mtendere. M'mawa uliwonse ankapita pakona pa thanki pamene galasi limaonetsa nkhope, n'kumatembenuza chibwano uku ndi uku. Nkholokolo akamadutsa ndi ana ake pamzere ankaima, n'kuwayang'anitsitsa mwachidwi.

"Zayamba kumera, bambo. Kumanzereku."

Yanga ndaitula pamenepa. Amene akukayika akasuzumire yekha pansi pa phale.